Ndinaopa Kuphwanya Mphatso ya Amalume

Inu owerenga, ine ndine mayi wa ku Ntcheu amene ntchito ya manja anga inatentha nyumba ya munthu dzuwa lili paliwombo. Machesi sindinagwire ayi, ndipo pamene moto unkabuka n'kuti ndili kutali, pa boma, ndikugwira ntchito yanga. Koma bokosi limene linayambitsa motowo ndinalumikiza ndine, ndipo pachivindikiro pake panali dzina langa. Ndikulemba kuti inu amene mumapanga zinthu zamagetsi, ngakhalenso inu ogula, musadzaone zimene ndinaona ine. Ndineneretu kuti sindikulemba ndi misozi yokhayokha. Pali pamene ndinalakwa, ndipo ndipanena mosabisa. Koma palinso pamene ndinaimirira abale onse akuti ndikhale pansi, ndipo zimenezo ndimazinyadira mpaka lero.

Ntchito yanga ndi yopanga maregyuleta, timabokosi tija timakhala pakati pa sola ndi batire. Dzuwa likawomba kwambiri sola imatumiza magetsi ochuluka, ndiye bokosilo ndi limene limati basi, batire lakhuta. M'kati mwa bokosi muli kachipangizo kakuda ka miyendo itatu, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kotchedwa tiranzisita. Kameneko ndiye mlonda wa pageti, kamatsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Kakakhala kabwino, bokosi limatumikira zaka. Kakakhala ka feki, kamatentha, n'kupsa, geti n'kutsala lotsegula, waya n'kufiira. Ine matiranzisita sindipanga, ndimagula kwa amene nawonso anagula kwa ena, ndipo pa ulendo wonsewo pali manja ambiri amene sindinawaonepo.

Sindikudzitama, koma mabokosi anga anatchuka. Masola atayamba kufala m'midzi, anthu ankagula maregyuleta a m'mashopu amene ankafa mvula isanagwe kawiri, osathekanso kukonza. Anga ndinkawapaka penti ya buluu, ndipo anafika ku Biriwiri, ku Nzama mpaka ku Kasinje. Anthu anasiya kunditchula dzina, ankangoti amayi a masola. Chinsinsi changa chinali chimodzi. Paketi iliyonse ya matiranzisita ikafika, ndinkasankhamo imodzi yoti ife. Ndinkaipukuta ndi sipiriti kuti ndione ngati zilembo zikufufutika, n'kuipala ndi lezala kuti ndione ngati anachita kuipaka utoto, kenako n'kuiphwanya ndi pulayala kuti ndione mtima wake. Ogulitsa a m'tauni ankati ndine mayi wovuta. Ndinkawayankha kuti inde, sanandinamizire.

Khalidwe limeneli sindinalitenge kusukulu ayi, ndinalitenga kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, mwinimbumba wathu. Unyamata wawo wonse unathera m'migodi ya ku Joni. Tili ana ankatiuza kuti gulu lawo lisanayambe ntchito pansi, iwo ankatsogola ndi chitsulo chachitali n'kumagogoda denga. Likalira kuti ngwee, ndiye kuti mwala ndi wolimba. Likalira kuti bubu, ndiye kuti wang'ambika m'kati, ugwera anthu. Ankati ngakhale kapitawo alumbire kuti dzulo panali bwino, iwo ankagogodabe. Ndi amalume omwewa amene anandiphunzitsa sukulu ya zamagetsi anthu akuseka kuti mwana wamkazi wa mawaya adzamukwatira ndani. Anagulitsa ng'ombe yawo chifukwa cha ine. Munthu wotere mungamuuze kuti ayi, inu?

Chaka china katundu anavuta. Amene ankandipatsa matiranzisita ankangoti sitima sinafike, ndalama zakunja zasowa, bwerani mwezi wamawa. Anthu ankabwera kudzafuna mabokosi, ine n'kumawabweza chimanjamanja. Nthawi yomweyo n'kuti amalume akupita ku Joni kukaona mwana wawo amene amagwira ntchito kumeneko. Osandiuza, anatola tiranzisita imodzi patebulo langa n'kuiika m'thumba la jekete ngati chitsanzo. Atafikako anayenda nayo m'mashopu, ndi miyendo yawo yokalambayo, mpaka anapeza munthu amene anawauza kuti ali nazo zenizeni, zankhaninkhani.

Pobwera sanapite kaye kumudzi. Anatsikira pa boma, chikwama chili m'manja, molunjika ku shopu kwanga. Anatulutsa phukusi lokulunga bwino m'malaya awo, nkhope ikuwala ngati mwana amene wakhoza mayeso. "Mwana iwe, mavuto ako atha," anatero. "Izi si za pano ayi, ndi za ku Joni." Ndinagwada pasimenti, n'kulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Ndinakayikira pang'ono nditaona kuti matiranzisitawo anali m'jumbo wamba, osati m'timapaipi ta pulasitiki mmene amabwerera masiku onse. Koma kwathu kuno, kuyambira nthawi ya agogo athu, chinthu chochokera ku Joni sichikayikiridwa. Bulangete la ku Joni, njinga ya ku Joni, wailesi ya ku Joni, zonsezi tinakula tikudziwa kuti sizitha wamba.

Ndinaganiza kuti amalume akapita kumudzi ndiphwanyapo imodzi mwakachetechete. Aaa, kodi anapita? Anakhala kwa amayi, kufupi ndi boma, ndipo m'mawa uliwonse ankafika atamanga tayi, n'kukhala pabenchi la pakhomo la shopu kuonerera mmene mphatso yawo ikugwirira ntchito. Aliyense wodutsa ankamuitana kuti adzaone za ku Joni. Tsono taganizani, inu owerenga. Munthu amene anagulitsa ng'ombe yake chifukwa cha inu wakubweretserani mphatso kuchokera kutali, wakhala apo akumwetulira, inu mutenge pulayala n'kuiphwanya pamaso pake? Kwathu kutero n'kumuuza kuti ndi wakuba kapena chitsiru. Ndinayesa pa mita yoyezera magetsi, zonse zinaoneka bwino. Ndinadziuza kuti mita siinama, chonsecho ndinkadziwa kuti feki amakhoza pa mita n'kukagwa padzuwa. Masiku anapita, mabokosi n'kuyamba kutuluka, ndipo pamene amalume ankabwerera kumudzi n'kuti manyazi anga atasanduka chizolowezi. Pulayala sindinaigwire. Cholakwa changa ndi chimenecho, ndipo sindikuchikankhira kwa wina.

Amalume anawonjezapo nzeru yawo. Anati mabokosi a zipangizo zawo asafanane ndi ena, apakidwe penti yofiira kuti anthu azidziwa. Penti anagula okha. Posakhalitsa aliyense ankafuna lofiira. Munthu ankalowa m'shopu n'kunena kuti la buluu ayi, ndikufuna la ku Joni lija. M'miyezi yozizira ija mabokosi ofiira anagwira ntchito bwinobwino, ndipo amalume mbiri yawo inawanda kuposa yanga. Kutchalitchi, kumaliro, ngakhale kovina ngoma, nkhani yawo inali imodzimodzi.

Kenako dzuwa la chilimwe linayamba kuluma. Tsiku lina masana ndinaona mayi akutsika pa kabaza, chitenje chili chakuda ndi mwaye, m'manja atanyamula chinthu chopsa. Anali a Nanyoni, mlimi wa mbatata ya kachewere ndi kabichi wa ku Biriwiri, kasitomala wanga wakale. Sanapereke moni. Anangochiponya patebulo kuti khu, n'kunena kuti, "Amayi a masola, dzina lili apali ndi la ndani?" Chivindikiro chinali chitapindika, koma penti yofiira inkaonekabe m'mbali, ndi zilembo za dzina langa. Bokosilo analipachika pamtengo m'kanyumba kawo kaudzu mmene ankasungamo batire ndi mbewu ya kachewere. Iwo ali kudimba, bokosi linayaka, moto n'kugwira denga. Anansi anapulumutsa nyumba yaikulu ndi madzi a m'zidebe, koma kanyumbako kanapsa psiti, pamodzi ndi mbewu yonse imene ankadikira kudzala mvula ikagwa.

A Nanyoni ali chiimire pomwepo, ndinatsegula kabati n'kutulutsa matiranzisita a amalume amene anatsala. Nditapukuta imodzi ndi sipiriti, zilembo zinatsalira pathonje. Nditapala ndi lezala, utoto wakuda unasendeka, pansi pake n'kuoneka zikande za sandipepa. Anthu oipawo amatenga tizipangizo tofooka, totchipa, n'kufufuta dzina lake lenileni, n'kulembapo dzina la champhamvu. Nditaphwanya, mtima wake unali kadontho ngati njere ya mawere, pamene weniweni umakhala ngati njere ya chimanga. Kanthu kotereko kangapirire bwanji dzuwa la Okutobala? Ntchito yonseyi inali yakanthawi kochepa zedi, madzi a tiyi sakanawira n'komwe. Ndinalira ndi mkwiyo, osati pa amalume, koma pa ine mwini.

Pomwepo ndinakumbukira chinthu chimodzi choopsa. Mabokosi ofiira anali ponseponse, ambiri m'nyumba zaudzu, ndipo amayaka masana, nthawi imene akuluakulu ali kumunda, m'nyumba mwatsala makanda ogona ndi okalamba. Dzuwa linali lisanafike pachimake. Kwa a Nanyoni kunapsa kachewere, koma kwina kukanapsa munthu. Sindinkadziwa kumene bokosi lililonse linapita, chifukwa ena ankagula pamsika, ena ankagulira abale awo. Njira inali imodzi yokha, kulengeza poyera, m'matchalitchi ndi m'misika, kuti aliyense amene ali ndi bokosi lofiira alichotse lero lomwe.

Nditawauza amayi, anagwira kumutu. "Mwana wanga, ufuna kuwavula amalume ako pagulu? Dziko lonse likudziwa kuti ofiirawo ndi awo. Ingosintha limodzilimodzi mwakachetechete, anthu akamabwera nawo." Ndinawafunsa kuti nanga amene adzabwere atanyamula mwana wopsa ndidzamusinthira chiyani. Anati ndilibe ulemu, sukulu yandiwononga. Abale ena anatumiza mawu kuti ndikangoyerekeza, ndisadzapondenso kumudzi. Ndinapita ndekha kwa amalume kukawauza ndisanalengeze, chifukwa sindinafune kuti amvere kwa anthu. Ndinagwada, n'kufotokoza zonse. Anandiyankha kuti za ku Joni sizipsa, mwina ndine amene ndinalumikiza molakwika. Ndinatulutsa pulayala kuti ndiwaonetse, koma anadzuka n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutseka.

Inu owerenga, Lamulungu lotsatira ndinalengeza. Ndinapempha akuluampingo m'matchalitchi osiyanasiyana kuti awerenge uthenga wanga, ndipo kutchalitchi kwathu ndinaimirira ndekha. Dzina la amalume sindinalitchule. Ndinati ine, mwini dzina limene lili pamabokosiwo, ndinaikamo zipangizo zosayesa, ndipo mabokosi ofiira onse akhoza kuyaka. Ndinati achotse waya lero, ine ndidzawapatsa mabokosi ena popanda kulipira. Koma mitu yonse inatembenukira kubenchi la madoda kumene amalume anakhala. Iwo maso anali pa guwa. Tsiku limenelo ndinamva ngati ndawamenya mbama, ndipo zinandipweteka kuposa mmene ndingalembere.

Kenako ntchito inayamba. Ndinatseka shopu, n'kugulitsa firiji ndi njinga yanga yamoto kuti ndipeze matiranzisita enieni kwa wogulitsa wodziwika, ndipo pa awa ndinaphwanyapo imodzi pakauntala pake pomwe asanandikulungire. Ndinkawotcherera m'mawa, masana n'kukwera kabaza kukwera mapiri a ku Biriwiri, kutsikira ku Kasinje kotentha kuja, mabokosi a buluu ali m'thumba. Musaganize kuti anthu ankandilandira ndi nthungululu. Ena ananditukwana, ndipo anali ndi chifukwa. Koma ondidabwitsa anali okana kupereka. Bambo wina wa ku Nzama anabisa lake m'nkhokwe, akuti ndikufuna kumulanda la ku Joni kuti ndikagulitse kwa olemera. Abale inu! Ndinamuonetsa lopsa la a Nanyoni, limene ndinkayenda nalo kulikonse, n'kumuuza kuti sindichoka pakhomo pake ngakhale andiphikire. Ndinakhala pakhonde mpaka mkazi wake anakalitulutsa yekha. Titalitsegula, pulasitiki ya m'kati inali itayamba kale kusungunuka. Bamboyo anangoti, "Mayo ine," n'kukhala pansi.

Ndinayenda chonchi mpaka mitambo ya mvula inayamba kusonkhana. Nkhope inada, mapazi anang'ambika, anzanga ochita malonda ankaseka kuti mayi uja wapenga, akudzigwetsa yekha. Koma mabokosi ofiira anabwerera, mulu wake n'kufika pawindo la shopu, ndipo nditawayerekeza ndi matiranzisita amene anatsala m'jumbo muja ndinaona kuti palibe latsala kunja. Tamverani bwino apa, chifukwa ndi pamene ndimanyadira. Nyumba ina sinapsenso. Mwana wa munthu sanapse ngakhale chala. Aliyense anene zimene akufuna za amayi a masola, koma zimenezo sangandilande.

Amalume sanandilankhule dzinja lonse. Ndikapita kumudzi ankatuluka kukaona ng'ombe. Ndinazolowera kuti basi, ndataya kholo. Chimanga chitacha, m'mawa wina ndikutsegula paketi yatsopano, ndinaona chithunzithunzi pakhomo. Anali iwo, tayi ili pakhosi monga kale. Anakana mpando. Anapita pamulu wa mabokosi ofiira, n'kutola limodzi, n'kunena kuti, "Tandionetsa chimene unkafuna kundionetsa chija." Ndinaphwanya tiranzisita yawo imodzi ndi yeniyeni imodzi, n'kuziika pachikhato chawo. Anavala magalasi, n'kupita nazo pakhomo powala. Anayang'ana, n'kuyang'ananso.

"Anandiona kukalamba anyamata ondigulitsa aja," anatero motsitsa. Kenako anandicheukira, maso ali psuu. "Nanga iwe, n'chifukwa chiyani sunagogode tsiku lomwe lija?"

Ndinati ndinkaopa kuwachititsa manyazi.

"Manyazi? Ine ndinkagogoda denga mzungu ali pambali panga atanena kale kuti ndi lolimba. Ukanaphwanya pamaso panga, ndikanakwiya tsiku limodzi. Taona tsopano, ndakwiya dzinja lonse, ndipo wina wagona ndi njala."

Ankanena zoona. Ulemu umene ndinkati ndikuwapatsa unali mantha chabe, ndipo ndi umene unawavula pagulu.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yophwanya ndi yawo. Katundu akafika ndimawatumizira uthenga, iwo n'kubwera ndi kahamala kawo. Amapisa dzanja pansi penipeni pa paketi, chifukwa amati wakuba amaika zabwino pamwamba. Ogulitsa amene ankati ine ndine wovuta, pano akaona tayi ija amayamba kutuluka thukuta. Wina anabwera ndi katundu wake akulumbira kuti ndi wochokera kunja. Amalume anangoti, "Kunja ndinakhalako ine, achimwene, akuba aliko," hamala n'kutsika.

Koma musaganize kuti zonse zinatha bwino. A Nanyoni ndinawamangira kanyumba kena n'kuwagulira mbewu, koma inali ya pamsika, yosafanana ndi yawo imene anaisankha okha zaka zambiri, ndipo inafika mochedwa. Chaka chimenecho sanakolole kwenikweni, mwana wawo wamkazi n'kusiyira sukulu panjira. Bokosi la buluu limene ndinawapatsa anabweza. Mpaka lero tikakumana pamsika amandipatsa moni wa pakamwa pokha, n'kupitirira. Sindiwadandaula. Ndinapulumutsa nyumba zambiri, koma yawo ndi imene inalipira kuti ine nditsegule maso.

Tsono inu amene mumalumikiza mawailesi, mainiveta, matochi, kaya chilichonse chodutsa magetsi, mverani mnzanu. Gulani kwa munthu amene mungathe kumubwerera, amene angakuuzeni kumene iye anagula. Katundu akasowa ponseponse, wina n'kutulukira nazo zambirimbiri, chenjerani. Musakhulupirire zilembo, musakhulupirire dzina la dziko, ndipo mita yokha isakugonekeni tulo. Pukutani, palani, phwanyani imodzi, bokosi loyamba muliyese padzuwa lenileni lisanapite kwa munthu. Zikakuonekerani ngati zinandionekera ine, musabise kuti muteteze dzina, lengezani msanga moto usanakulengezereni.

Ndipo choposa zonse, phukusi likachokera m'manja mwa munthu amene mumamukonda, limenelo ndiye muliyese kawiri, chifukwa nayenso akhoza kupusitsidwa. Gwadani, landirani ndi manja awiri, thokozani monga mwa mwambo wathu. Mukadzuka pamenepo, tengani pulayala iye akuona. Ine ndinaopa mkwiyo wa amalume wa tsiku limodzi, ndipo mwana wa a Nanyoni sanabwererenso kusukulu.